Mmene Mungapezere Satifiketi Yogwirira Ntchito za Boma la America: Bizinesi ya Amayi, ya Asilikali Opuma ndi ya Anthu Osalidwa

Mayi wa kwathu ali ndi kampani yokonza m'maofesi ku Indiana, kapena yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku Maryland. Tsiku lina akumva mnzake ku tchalitchi akunena kuti boma limapatula makontrakiti ena kuti apite kwa mabizinesi a amayi. Nkhaniyo ndi yoona. Boma lalikulu la ku Washington linadziikira m'malamulo cholinga choti 23 peresenti ya ndalama za makontrakiti ake izipita kwa mabizinesi ang'onoang'ono, 5 peresenti kwa mabizinesi a amayi, 5 peresenti kwa asilikali amene anavulala ali pa ntchito, 5 peresenti kwa anthu osalidwa. Mayi uja akulowa pa intaneti usiku womwewo, akudzaza mafomu, akudikira. Patapita miyezi kukubwera mafunso amene sakuwamvetsa, kenako kalata yomukana.

Mwa anthu amene ndakhala nawo pansi kuwathandiza, ambiri anali oyenerera ndithu. Chinawagwetsa ndi mapepala osagwirizana. Amene akuona fomu yanu sakukudziwani, sanakuonenipo mukudzuka 4 koloko m'mawa kukatsegula ntchito. Amaona mapepala basi, ndipo mapepala onse ayenera kunena chinthu chimodzi: kampani ndi yanu, ndipo ndinu amene mumaiyendetsa. Malangizo ali m'munsimu atsamira kwambiri pa satifiketi ya amayi chifukwa ndiyo imafunsidwa kawirikawiri, koma njira yake ndi imodzimodzi ndi ya enawo.

Zimene muyenera kusonkhanitsa musanayambe

- Umboni woti ndinu nzika ya America: pasipoti ya America, satifiketi ya naturalization, kapena satifiketi yobadwira ngati munabadwira konkuno.
- Satifiketi ya ukwati kapena pepala la khoti ngati dzina lanu linasinthapo.
- Mapepala olembetsera kampani ku state yanu, pamodzi ndi zonse zimene munasinthapo pambuyo pake.
- Operating agreement, pangano la eni kampani lonena mmene iziyendera, ngati kampani ndi LLC. Ngati ndi corporation, bylaws, buku la masheya ndi maminitsi a misonkhano.
- Kalata ya IRS, bungwe la misonkho, imene inabwera ndi EIN, nambala ya msonkho ya kampani yanu.
- Mapepala a msonkho a kampani ndi anuanu a zaka 3 zapitazi, ndi ma W-2 ake.
- Nambala ya akaunti ya kampani ku banki ndi routing number.
- CV yanu yosonyeza ntchito zimene mwagwirapo ndi zimene mumachita pa kampaniyi.
- Malayisensi a ntchito yanu ndi pepala la lendi ya ofesi ngati mumachita lendi.
- Kwa asilikali opuma: fomu ya DD-214 yotulukira usilikali, ndi kalata ya VA, unduna woona za asilikali opuma, yotsimikiza ulumali ngati munavulala muli pa ntchito.

Chilichonse chijambuleni bwino kuti chikhale PDF, masamba onse, mpaka tsamba losainidwa lomaliza. Zithunzi za pa foni zopendekeka, chala chikuoneka m'mbali, zimangochedwetsa.

Gawo 1: Sankhani satifiketi molingana ndi amene mukufuna kumugulitsa

Masatifiketi ndi ambiri, ndipo imodzi siilowa paliponse. Awa ndi a boma lalikulu, ndipo onse amaperekedwa ndi bungwe la Small Business Administration, mwachidule SBA:

WOSB ndi ya kampani imene 51 peresenti kapena kuposa ndi ya amayi amene ndi nzika. EDWOSB ndi yomweyo, koma ya amayi amene chuma chawo sichinapyole malire ena.

VOSB ndi ya amene anagwirapo ntchito m'gulu lankhondo la America, ndipo imathandiza makamaka pa makontrakiti a unduna wa VA. SDVOSB ndi ya amene anavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchitoyo, ndipo imagwira m'maunduna onse. Kuyambira pa 1 January 2023 masatifiketi awiriwa amatuluka ku SBA, osatinso ku VA. Usilikali wa kumudzi, kaya mu MDF kaya mu Zambia Army, suwerengedwa pano.

8(a) ndi pulogalamu ya zaka 9 ya anthu osalidwa amenenso alibe chuma chambiri. Munthu amalowamo kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo kawirikawiri kampani imafunika ikhale itagwira ntchito zaka 2. Ine ndimalangiza anthu kuti asathamangire 8(a) kampani ikadali yanthete, chifukwa zaka 9 zija zimayamba kuwerengedwa tsiku lomwe mwavomerezedwa, kaya mwakonzeka kaya ayi.

HUBZone siyang'ana mtundu kapena ngati ndinu mayi. Imayang'ana dera: ofesi yaikulu ikhale m'dera limene lili pa mapu a SBA, ndipo 35 peresenti ya antchito azikhala m'madera oterowo.

Kwa anthu aulumali, boma lalikulu lilibe satifiketi yapadera ya bizinesi yawo. Khomo lawo ndi 8(a), ngati angasonyeze kuti ulumaliwo unawabwezera m'mbuyo pa maphunziro, pa ntchito kapena pa malonda. Pulogalamu ya AbilityOne imene anthu amaitchula kawirikawiri ndi ya mabungwe osapanga phindu amene amalemba ntchito anthu aulumali. Anthu osaona ali ndi lamulo lawo la Randolph-Sheppard la 1936, limene limawaika patsogolo pa malo ogulitsira zakudya m'nyumba za boma.

Ndiye pali ena amene si a boma lalikulu. MBE, ya anthu a mitundu yochepa monga akuda, yochokera ku bungwe la NMSDC, ndi DOBE, ya anthu aulumali, yochokera ku bungwe la Disability:IN, ndi zogulitsira makampani akuluakulu. DBE ndi ya mabizinesi a anthu osalidwa pa ntchito za misewu, mabwalo a ndege ndi mabasi zolipiridwa ndi unduna wa zamtengatenga, ndipo imatuluka ku state. Ma state ndi mizinda yambiri ilinso ndi masatifiketi awoawo. Ngati makasitomala amene mukuwafuna ndi masukulu a mu county yanu, WOSB sikuthandizani. Funsani ofesi yogula zinthu ya county yomweyo kuti imalandira iti.

Chenjezo: green card siikwanira pa WOSB, EDWOSB, 8(a) ndi HUBZone. Pamafunika unzika. Ngati mudakali pa green card musataye mtima, chifukwa mungathe kulembetsa kampani kuti izipikisana nawo ngati bizinesi yaing'ono wamba, ndipo ntchito zimene mungagwire panopa ndi zimene zidzakuyankhulireni unzika ukadzatuluka. Malawi ndi Zambia tsopano amalola unzika wa mayiko awiri, choncho mantha otaya kwanu asakugwireni mwendo.

Gawo 2: Dzina ndi adiresi zifanane paliponse

Yalani pa tebulo mapepala atatu: la ku state, kalata ya IRS, ndi sitetimenti ya ku banki. Werengani dzina la kampani chilembo ndi chilembo. Ngati pena palembedwa "Services LLC" pomwe pena "Service, LLC", konzani kaye musanapite patsogolo. Chimodzimodzi adiresi. Ngati munasamuka nyumba osauza state ndi IRS, yambirani pomwepo.

Chenjezo: P.O. Box siilandiridwa ngati malo amene kampani ili. Lembani malo enieni, ngakhale kukhale kunyumba kwanu. Ndipo ngati EIN yanu ndi yatsopano, dikirani milungu ingapo kuti ilowe m'makompyuta a IRS. Mukafulumira, makina amayankha kuti nambalayo sakuidziwa.

Gawo 3: Pezani nambala ya NAICS

Ntchito iliyonse ili ndi nambala yake ya manambala 6. Kukonza m'maofesi ndi 561720, kusamalira odwala m'makomo ndi 621610, kutchetcha kapinga ndi kusamalira pabwalo ndi 561730, kulemba mapulogalamu a kompyuta ndi 541511. Nambalayi ndiyo imanena ngati kampani yanu ndi yaing'ono, poyang'ana ndalama zimene imalowetsa pa chaka mukaphatikiza zaka 5 n'kugawa, kapena poyang'ana chiwerengero cha antchito. Pa webusaiti ya SBA pali chida choyezera zimenezi.

Amayi, apa imani kaye. Makontrakiti opatulidwira WOSB sapezeka pa nambala iliyonse. SBA ili ndi mndandanda wa ntchito zimene inapeza kuti amayi ndi ochepa, ndipo manambala ena ndi a EDWOSB okha. Onani kuti yanu ili pati musanasankhe pakati pa ziwirizi.

Gawo 4: Lembetsani pa SAM.gov

SAM.gov ndi kaundula wa makampani ofuna kugulitsa ku boma lalikulu, ndipo popanda kulembetsamo palibe chimene chingayende. Tsegulani akaunti pa Login.gov, kenako lowani pa SAM.gov n'kusankha kulembetsa kampani kuti izilandira makontrakiti, osati kungotenga nambala yokha. Akatsimikiza dzina ndi adiresi akupatsani Unique Entity ID (UEI), nambala ya zilembo 12 imene inalowa m'malo mwa nambala yakale ya DUNS pa 4 April 2022. Mukamaliza mafunso onse, zidutsa ku IRS, kenako ku Defense Logistics Agency kumene kumatuluka CAGE code, nambala ina yozindikiritsa kampani yanu ku boma. Zonse zikakhala bwino zimatenga masiku ogwira ntchito okwana ngati 10. Imelo muziyang'ana tsiku lililonse, mpaka mu spam, chifukwa akafunsa funso inu osayankha msanga, fomu imabwerera.

Chenjezo lalikulu: kulembetsa pa SAM.gov ndi kwaulere. Kukonzanso chaka ndi chaka ndi kwaulere. Satifiketi ya SBA ndi yaulere. Mukangolembetsa, foni iyamba kulira ndipo maimelo ooneka ngati a boma ayamba kulowa, okuuzani kuti mulipire madola mazanamazana apo ayi kampani yanu ifufutidwa. Amenewo akufuna kukudyerani masuku pamutu. Webusaiti ya boma imathera ndi .gov. Mukasowa pogwira, pitani ku ofesi ya APEX Accelerator ya m'dera lanu, imene kale inkatchedwa PTAC, kapena ku Women's Business Center kapena Veterans Business Outreach Center. Ntchito yawo ndi yomweyi yokuthandizani, ndipo uphungu wawo wambiri salipiritsa. Safunsa anadya phula.

Gawo 5: Konzani umboni wa umwini ndi wa ulamuliro

Apa ndiye pagona nkhani. SBA imafunsa mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi 51 peresenti ndi yanu? Lachiwiri: kodi ndinu amene mumalamula? Ambiri amayankha loyamba lokha.

Umwini uyenera kukhala m'dzina lanu lenileni, osadzera mu kampani ina, ndipo ukhale wopanda chingwe. Ngati pali pangano loti mnzanu angathe kukulandani masheya nthawi imene wafuna, umenewo si umwini. 50 ndi 50 pakati pa mayi ndi bambo siikwana. Onaninso mapepala a msonkho: ngati operating agreement ikunena 51 ndi 49 koma fomu ya K-1, yosonyeza gawo la mwini aliyense, ya chaka chatha ikunena 50 ndi 50, adzakufunsani, ndipo ndi bwino mukonze ndi akauntanti wanu iwo asanafunse.

Ulamuliro ndi wovutirapo. Mayi wina amene ndinakhala naye pa tebulo la kukhitchini kwake anali ndi 60 peresenti ya kampani yokonza m'maofesi. Makasitomala onse anawapeza yekha, antchito amawalemba yekha, makiyi a maofesi amayenda nawo m'chikwama chake. Titatsegula operating agreement imene anaitenga yaulere pa intaneti zaka zapitazo, tinapeza pa tsamba lachinayi mzere umodzi wonena kuti chosankha chilichonse cha kampani chifunika onse awiri avomereze. Titaimbira ku banki, tinamva kuti wosaina pa akaunti ndi bambo okha, chifukwa tsiku lotsegula akauntiyo mayi anali pa ntchito. Pa mapepala, mayi ameneyu sakanatha kugula ngakhale tsache popanda chilolezo cha mwamuna wake. Anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye zaka zonsezi ndimagwirira ntchito abambowa?" Panalibe amene anafuna kumupondereza. Mapepala okha ndiwo sanatsatire moyo weniweni.

Ndiye chitani izi:

a. Werengani operating agreement kapena bylaws mzere ndi mzere. Paliponse pamene pali mawu akuti unanimous kapena supermajority, kutanthauza kuti eni onse kapena ambiri ndithu avomereze, ikani chizindikiro. Malamulo amalola mnzanu wa masheya ochepa kukhala ndi mawu pa zinthu zikuluzikulu zowerengeka, monga kugulitsa kampani yonse kapena kuithetsa. Koma pa kulemba ndi kuchotsa antchito, kusaina makontrakiti, kukhazikitsa malipiro ndi kugula zipangizo, mawu omaliza akhale anu. Kusintha pepalali ndi kumene kumayenera ndalama ya loya.

b. Udindo waukulu kwambiri pa kampani ukhale wanu, ndipo ulembedwe choncho paliponse. Mukakhala Vice President bambo ali President, basi mwagwa.

c. Pitani ku banki mukaikidwe pa osaina.

d. Onani nkhani ya layisensi. Simukakamizidwa kukhala ndi layisensi ya umisiri wa ntchitoyo inu mwini, bola musonyeze kuti amene ali nayo ali pansi panu. Koma ngati layisensi ili ndi bambo amenenso ali ndi masheya, SBA ingathe kuona kuti wolamula weniweni ndi iwowo. CV yanu ionetse luso loyendetsa kampani ya mtundu umenewu.

e. Ganizirani za ntchito yanu ina. Ambiri a ife timagwira mashifiti ku chipatala kapena ku nursing home uku tikuyendetsa bizinesi. SBA imayembekezera kuti nthawi imene kampani imakhala yotsegula, inu mukhalepo. Ngati muli pa ntchito ina, musabise, chifukwa W-2 idzakuululani. Lembani momveka maola a kumeneko ndi maola a kampani, musonyeze kuti sizikuwombana.

Pa 8(a) ndi pa masatifiketi a asilikali amayang'ananso malipiro. Ngati wina pa kampani akulandira zambiri kuposa inu mwini, mukonzekere kufotokoza chifukwa chake.

Gawo 6: Werengani chuma chanu, ngati mukufuna EDWOSB kapena 8(a)

Malire ndi atatu. Chuma chanu mukachotsa ngongole chisafike madola 850,000. Ndalama zimene mumapeza pa chaka, mukaphatikiza zaka 3 n'kugawa, zisapyole madola 400,000. Katundu wanu yense asapyole madola 6.5 miliyoni. Powerengera 850,000 uja, nyumba imene mumakhala, masheya anu mu kampaniyi ndi ndalama za penshoni monga 401(k) ndi IRA sizilowa. Zonse mumalemba motsata SBA Form 413, ndipo ngati muli pabanja adzafunanso kudziwa za chuma cha mnzanuyo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimakhudza ife a kunja kuposa eni dziko. Choyamba, katundu wa kumudzi ndi katundu ndithu. Nyumba imene mwamanga ku Area 49, puloti ya ku Chileka, akaunti ya ku banki ya ku Chipata, zonse zilembedwe. Kwa ambiri sizingawafikitse pa malirewo n'komwe, choncho palibe chifukwa chobisira, pomwe kubisa n'kupezeka ndi mlandu.

Chachiwiri, katundu amene munapereka kwa achibale apafupi m'zaka 2 zapitazi angathe kuwerengedwa ngati akadali wanu. Lamuloli analiika pofuna kugwira anthu amene amasamutsira chuma kwa mkazi kapena mwana kuti aoneke osauka. Koma limapatula ndalama za sukulu, za chipatala ndi zothandizira munthu pa zofunika za moyo, komanso mphatso za masiku apadera. Fizi ya mng'ono wanu ndi mankhwala a amayi anu zili m'gulu lopatulidwalo. Sungani malisiti otumizira ndalama, ndipo pa lililonse lalikulu lembani kuti inali ya chiyani.

Gawo 7: Lembani nkhani ya kusalidwa, ngati mukufuna 8(a)

Kale munthu wakuda ankangotchula mtundu wake, boma n'kuvomera kuti ndi wosalidwa. Mu July 2023 khoti la ku Tennessee, pa mlandu wa Ultima Services, linaletsa zimenezi. Kuchokera pamenepo aliyense ankayenera kulemba nkhani yosonyeza yekha zimene zinamuchitikira, koma mu January 2026 SBA inalengeza kuti sidzavomerezanso anthu potengera nkhani zoterozo. Mu October 2025 unduna wa zamtengatenga unachitanso chimodzimodzi pa DBE, n'kuchotsa ganizo loti munthu ndi wosalidwa chifukwa cha mtundu wake kapena chifukwa ndi mayi. Malamulo a mbali imeneyi akhala akusinthasintha, choncho werengani tsamba la SBA tsiku lomwe mukuyamba kulemba.

Ngati tsambalo likufunabe kuti mulembe zimene zinakuchitikirani, pewani kudandaula za dziko lonse. Tengani zochitika zenizeni: zinachitika liti, kuti, anachita ndani, anati chiyani, n'chifukwa chiyani mukuona kuti kunali kusala, ndipo munataya chiyani. Zikhale zimene zinakuchitikirani muli ku America. Umphawi umene munakulira kumudzi, ngakhale unali wowawa chotani, suwerengedwa.

Gawo 8: Tumizani fomu

Lowani pa MySBA Certifications, pa certifications.sba.gov. Amene atsegule akaunti akhale mwini woyenerera, ndi imelo yake, osati mwana kapena mlangizi. Makina atenga zambiri za kampani kuchokera ku SAM.gov, n'chifukwa chake Gawo 4 liyenera kukhala litatha. Ngati mukuyenerera masatifiketi angapo, monga mayi amenenso anali msilikali, mungathe kuwapempha pamodzi. Fayilo iliyonse ipatseni dzina lomveka kuti woona asavutike.

Amayi ali ndi njira inanso: kudzera ku mabungwe anayi amene SBA inawavomereza, omwe ndi WBENC, NWBOC, U.S. Women's Chamber of Commerce ndi El Paso Hispanic Chamber of Commerce. Awa amalipiritsa, ndipo mukalandira pepala lawo muyenerabe kukalipereka ku SBA. Ine ndimaona kuti njirayi ndi yaphindu kwa amene akufunanso kugulitsa kwa makampani akuluakulu. Ngati mukufuna boma lokha, pitani mwachindunji.

Pa WOSB, malamulo amapatsa SBA masiku 90 kuchokera pamene fomu yakwanira. Mawu oti "yakwanira" ndi ofunika: pepala limodzi likasowa, masiku sayamba kuwerengedwa. Akakufunsani kanthu, yankhani funso lomwelo, ndi pepala lake, tsiku lomwe apereka lisanakwane. Akakukanani, mungathe kupemphanso pakapita masiku 90. Kalata yokana imanena zifukwa zake, ndiye igwiritseni ntchito ngati mndandanda wa zokonza.

Gawo 9: Satifiketi yatuluka, tsopano iyendetseni

Palibe amene adzakuimbireni foni chifukwa choti mwalandira satifiketi. Yambani ndi USAspending.gov: lembani nambala yanu ya NAICS ndi state yanu, muone maofesi amene anagula ntchito ngati yanu, kwa yani, pa mtengo wanji. Sankhani awiri kapena atatu. Lembani capability statement ya tsamba limodzi yokhala ndi zimene mumachita, kumene mwagwirako, UEI, CAGE code ndi manambala a NAICS. Dzazaninso mbiri ya kampani pa Small Business Search ya SBA, kumene akuluakulu ogula zinthu amafufuzira.

Pa SAM.gov muzitsata zidziwitso zotchedwa Sources Sought. Si kontrakiti, ndipo ambiri amazidumpha pa chifukwa chimenecho. Koma pamenepo m'pamene boma limafunsa ngati alipo mabizinesi ang'onoang'ono amene angathe ntchitoyo. Wogula akaona kuti alipo awiri kapena kuposa amene angaigwire pa mtengo woyenera, ntchitoyo angathe kuipatula. Mukapanda kuyankha, inu ndi anzanu mumaoneka ngati kulibe. Chaka cha boma chimatha pa 30 September, ndipo miyezi yomalizayo kumagulidwa zambiri, choncho mapepala anu akhale okonzeka July asanafike.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

*Kulola SAM.gov kutha.* Imatha pakapita masiku 365. Ikatha simungapatsidwe kontrakiti, ndipo malipiro a ntchito imene mukugwira angathe kuima. Yambani kukonzanso kudakali miyezi iwiri.

*Kuiwala kunena zosintha.* Mwalowetsa mnzanu watsopano, mwagulitsako masheya, mwasintha udindo: uzani SBA pasanathe masiku 30. WOSB ndi masatifiketi a asilikali amaunikidwanso pakapita zaka 3.

*Kudzitcha WOSB kapena SDVOSB musanavomerezedwe.* Kale munthu ankangodzinenera yekha. Pa makontrakiti opatulidwira amayi zimenezi zinatha pa 15 October 2020, ndipo kwa asilikali ovulala nazonso zinatha.

*Kugawa ntchito yonse kwa ena.* Mukapambana kontrakiti yopatulidwa ya ntchito zothandiza monga kukonza kapena kusamalira anthu, simuloledwa kupereka zoposa 50 peresenti ya ndalamazo kwa makampani amene sali m'gulu lanu. Pa zomangamanga malire ake ndi ena, ndiye werengani zimene zalembedwa mu kontrakitiyo.

*Kubwereketsa dzina.* Ichi ndiye chimandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa chimabwera ndi nkhope yodziwika. Achimwene kapena mnzanu wa ku tchalitchi amene ali ndi kampani yake akuuzani kuti, "Achemwali, ingolembani 51 peresenti m'dzina lanu, zina zonse ndizichita ndine, kumapeto kwa mwezi muzilandira kenakake." Msilikali wovulala amauzidwanso zomwezo. Pa fomu mumasaina kuti zonse mwalemba ndi zoona. Kunama za umwini pofuna kontrakiti ya boma kungakufikitseni ku chindapusa cha madola 500,000 ndi ndende ya zaka 10, ndipo pansi pa False Claims Act boma lingathe kufuna katatu ndalama zimene linataya. Opikisana nanu ali ndi ufulu wokadandaula ku SBA kuti iunikenso satifiketi yanu, ndipo ofufuza akabwera adzafunsa inu, osati achimwene aja: kontrakiti iyi anasaina ndani, wantchito uyu analemba ndani, mtengo uwu munawerengera bwanji. Ngati mukufunadi kugwira ntchito limodzi ndi kampani yaikulu, SBA ili ndi Mentor-Protégé Program, imene imalola kampani yaing'ono ndi yaikulu kupanga joint venture, mgwirizano wogwirira ntchito limodzi, yovomerezeka, pangano lake litalembedwa ndi kuunikidwa. Kafunseni za imeneyo ku APEX Accelerator musanasaine pepala lililonse limene wina wakubweretserani.